Thumba la Wokulitsa

M'nyumba mwathu wowerenga ndinali ine, ndipo ndine ndemwe ndinalephera kuwerenga thumba. Ndiyambire pamenepo, chifukwa abale anga akamakamba nkhaniyi amayambiranso pomwepo, ndipo ndinaona kale kuti kudzinena wekha kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kunenedwa.

Zinali zaka zija za makuponi, pamene khomo la mwayi linkalandira matumba awiri a feteleza, wokulitsa ndi wobereketsa. Feteleza akatha, thumba silinkatha ntchito. Amayi ankalichapa kudambo, kuliyanika pampanda, n'kulisandutsa sutikesi. Chaka chimenecho m'thumba la wobereketsa anasungamo mabulangete athu awiri, shawelo ndi tizipewa ta mwana amene ankayembekezera, ndipo ankaseka okha kuti katunduyo wapeza thumba lomuyenera. La wokulitsa ndinalanda ine. Sukulu ndinali nditalekezera sitandade 3 kuti ndizisoka fodya, koma zilembo zinakana kundisiya, choncho ndinkatola nyuzipepala iliyonse imene yakulungira sopo kapena usipa, kuiwongola ndi chikhatho, n'kuisunga m'thumbamo. Nkhani zambiri zimene ndinkadziwa zinali zopanda mutu, zina zopanda mchira, ndipo pafupifupi zonse zinkanunkha nsomba.

Tsiku lokatenga amayi kuchipatala, abambo anandidzutsa kusanache n'kundiuza mawu atatu okha, kuti nditenge la wobereketsa. Matumba onse awiri anali kuseri kwa chitseko, omanga kukamwa ndi linya. Manja anga anapita kumene anazolowera. Kulemera kwake ndinakumva ndithu, pakuti mapepala si mabulangete, koma ndinati ndi tulo tikundifooketsa. Ndinaliponya m'ngolo ya thirakitala, n'kulikhalira ulendo wonse ngati mfumu pampando.

M'ngolomo munalinso a Zgambo.

Ndikakumbukira a Zgambo, fungo limafika munthuyo asanafike: utsi wa bulugamu, thukuta louma, ndi kafungo kotsekemera ka fodya amene wayamba kusanduka wachikasu. Nyumba yawo inali kuseri kwa khola lathu la mbuzi, kumudzi kwathu cha ku Chulu. Anachokera kumpoto ali mnyamata kudzafuna ntchito m'maesiteti, n'kukwatira kwathu kuno, ndipo ngakhale anakhala nafe zaka zonsezo, lilime lawo linkathawirabe kwawo akadabwa kapena akakwiya. Ntchito yawo inali yosonkha moto m'mabalani a fodya uja amaumitsa ndi kutentha koyenda m'mapaipi, fodya wosafuna kuonana ndi utsi kapena lawi. Nsidze analibe. Moto unazidya kalekale ndipo sizinamerenso, moti nkhope yawo inkaoneka ngati ya munthu amene wangomva kumene nkhani yodabwitsa.

Anafe tinkawaopa chifukwa cha nsidzezo, komanso chifukwa sitinawaonepo akugona. Nyengo yochiza fodya ankatha sabata yathunthu pakamwa pa ng'anjo, atakhala pachitsa, khutu atalozetsa kubalani, ndipo tikamapita kukawapatsa chimanga chowotcha tinkawapeza akumvetsera ngati munthu amene akudikira kuti wodwala atembenuke. M'balani munkapachikidwa kagalasi koyezera kutentha, koma iwo sankakayang'ana. Ankangolowetsa mkono pakazenera, kuseri kwa dzanja kuli m'mwamba, n'kuchotsa chikuni chimodzi kapena kuwonjezera chimodzi. Anthu ankati kapitawo akakayikira kagalasi kake, ankakayesa ndi dzanja la a Zgambo. Sankalankhula zambiri. Mawu amene ndinawamva kangapo ndi akuti, "Moto wooneka ndi wa alendo. Wa ntchito umayenda pansi."

Akazi awo anamwalira ine ndisanadziwe kuvala kabudula, ndipo ankakhala okha m'nyumba ya udzu imene inkadontha mvula iliyonse. Koma anali ndi cholinga. Chaka chilichonse fodya akatha ankagula malata angapo, kuwayedzamitsa kukhoma m'kati mwa nyumba, moti abambo ankawaseka kuti anthu ena amagona pansi pa denga, koma a Zgambo amagona pambali pa denga lawo. Tsiku limenelo ankapita kuboma kukagula malata anayi otsiriza.

Thirakitala inali ya esiteti yoyandikana nafe. Inkapereka mabelo kudepoti, ndipo pobwerera inkangonyamula ziguduli zopanda kanthu, choncho dalaivala anavomera kutitengera amayi. Tinapita ine, abambo, ndi mng'ono wanga Yohane wa zaka zinayi, amene analira mpaka anamukweza. Amayi anali atakhala m'chipatala masabata awiri. Anawachita opaleshoni, ndipo mwana anabadwa masiku asanakwane, wamkazi, wochepa moti abambo atamuona anavula chipewa n'kuchivalanso. Anamwino anamumangirira pachifuwa pa amayi ndi chitenje, khungu kukhungu, n'kubwereza kawiri konse pamaso pa abambo kuti mwana wotere akhoza kupirira zambiri, koma kuzizira ayi. Akangozizira amasiya kuyamwa, ndipo akasiya kuyamwa amapita mwakachetechete.

Masana a mu Julaye amanyenga. Dzuwa linkawotcha pamutu, amayi anakhala pa ziguduli atatsamira bolodi la ngolo, ndipo palibe amene anaganiza zomasula thumba. Dalaivala anachedwa ndi mapepala ake kudepoti, tinanyamuka dzuwa litapendeka, ndipo pofuna kubweza nthawi anasiya msewu waukulu n'kulowa njira yachidule yodutsa m'minda ya maesiteti, kumene ungayende mpaka miyendo kuwawa osaona nyumba, koma zitsa za fodya zokhazokha ndi mizere ya bulugamu. Titangowoloka dambo lina lalikulu, thirakitala inatsokomola kawiri, n'kukhala chete ngati yakumbukira maliro.

Dalaivala anagwiragwira zitsulo mpaka manja kuda. Foni yake, yokhayo pagulu lathu, inali itatha moto. Pomaliza anati akatenge makaniko kuesiteti, abwera kusanade, ndipo tonse tinayang'ana dzuwa limene linali litakhala kale pamitu ya mitengo. Amayi sakanatha kuyenda, ndipo ndi bala lawolo sakanatheka kuberekedwa. Mwana sakanachoka pachifuwa chawo. Ngolo ija inasanduka nyumba yathu.

Amene sanagonepo m'mphepete mwa dambo mwezi wa Julaye amaganiza kuti kuzizira kumachokera kumwamba. Kumachokera pansi. Dzuwa litangolowa, kunayamba kukwera kuchokera m'maudzu ngati madzi odzaza m'chitsime, kufika m'akakolo, m'mawondo, kenako chitsulo cha pansi pa ngolo chinayamba kuluma kudzera m'ziguduli, ndipo kamphepo kochokera kum'mawa kankalowa m'malaya ngati kakudziwa pamene pali zibowo. Mano a amayi anayamba kugundana. Apa m'pamene abambo anati ndibweretse thumba.

Anamasula linya, n'kupisa mkono. Ndinamva phokoso limene ndinkalidziwa kuposa wina aliyense padziko.

"Lameki, ichi n'chiyani?"

Ndinayankha zoona, kuti ndi nyuzi.

"Ndiye mlongo wakoyu timufunditse nkhani za mpira?"

Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Anangoyang'ana amayi, amene anali ndi zitenje ziwiri ndi kabulangete kamodzi kopyapyala kamene anapita nako kuchipatala, kenako anadumpha pansi n'kunena kuti asonkha chimoto pambali pa ngolo, awatsitse amayi akhale pafupi.

"Yayi, a Phiri. Lindani dankha."

Awa anali a Zgambo, akuuza abambo m'chilankhulo cha kwawo kuti ayambe adikira. Anafotokoza modekha kuti moto wa panja umawotcha nkhope n'kusiya msana kwa chisanu, ndipo utsi wake mapapo a khanda sangaukwanitse. Anatsika, kunyowetsa chala ndi malovu n'kuchikweza m'mwamba, kenako anazungulira ngolo yonse akupondaponda nthaka ndi chidendene. Anafunsa ngati dalaivala wasiya khasu ndi chikwanje zimene amayenda nazo pokumba matayala akatitimira. Zinalipo. Ndiye anakwera, n'kuyamba kumasula chingwe cha malata awo atsopano.

Abambo atazindikira, anagwira chingwecho. Anati zimenezo ayi, malata amenewo ndi thukuta la zaka zambiri. A Zgambo anawachotsa dzanja ngati mmene umachotsera dzanja la mwana pampeni, n'kuwauza kuti akathyole nthambi zouma za bulugamu, zazikulu ngati mkono, zaziwisi asabwere nazo.

Chimene anachita ndinadzachimvetsa bwino nditakula. Anamanga balani, ife n'kukhala fodya wake. Analemba mzere ndi khasu kuyambira kumene kunkachokera mphepo, masitepe angapo kutali ndi ngolo, kudutsa pansi pake chopingasa, kutsogolo kwa matayala, mpaka kukatulukira mbali inayo. M'mzeremo anakumba ngalande yakuya ngati kufika m'chigongono. Pansi pa ngolo munthu wamkulu sakanatha kutukula khasu, ndiye anandiyang'ana ine. Ndinakwawira m'menemo ndi mtima wonse, chifukwa munthu wolakwa akapatsidwa dzenje loti alowemo amathokoza. Iwo ankagemula dothi atagwada cham'mbali, ine ndikukokolola ndi mbale ya amayi ya kuchipatala, ndipo pamwamba pa mutu wanga ndinkamva Yohane akulira kuti akufuna kwathu. Mwana sindinkamumva.

Malata atatu anawagoneka pamwamba pa ngalande, lina kulumikiza linzake. M'mbali monse anamata ndi matope a m'dambo, akusalaza ndi chala ngati mayi womata mphika, ndipo mbali ya kumoto anakwirira lata ndi dothi, n'kusiya poyera chigawo cha pansi pa ngolo chokha. Lachinayi analipinda. Ndinaona ndi maso anga lata latsopano, lonyezimira ndi kuwala kotsala kumadzulo, likupindidwa pabondo mpaka kukhala paipi, kumangidwa ndi waya, n'kuimikidwa kumapeto kwa ngalande kuti likhale chumuni. Nkhope yawo sinasinthe. Koma kunena zoona, nkhope yopanda nsidze siivuta kubisa zinthu.

Kenako anatenga ziguduli. Zina anazipachika kuzungulira kunsi kwa ngolo ngati siketi, kuzipsinja ndi zibuma kuti mphepo isadutse pansi, koma kuzitalikitsa ndi lata. Zina anaziyala pamitengo pamwamba pa mabolodi kukhala denga. Pangodya imodzi anasiya mpata wokwana zikhatho ziwiri, ndipo abambo atafuna kutsekapo anawaletsa. Anati balani lotseka ponseponse limawoletsa fodya, ndipo nyumba yotseka ponseponse ndi imene anthu amagonamo osadzuka.

Kunali kutada. Asanayatse moto a Zgambo anakwera m'ngolo, n'kupempha kuti aone phazi la mwana. Amayi anabwerera m'mbuyo pang'ono. Kwathu khanda limene silinatuluke m'chikuta amati ndi lozizira, ndipo siligwiridwa ndi munthu wamkulu wamba, kuopa kuti angakhale wotentha, kutanthauza woti ali ndi mnzake wogona naye. Amati mwana angadulike. Tinali anthu a mpingo, koma pa zimenezi ngakhale akulu a mpingo ankayenda cham'mbali.

"Musaope, amake Lameki," anatero a Zgambo. "Ine ndinazizira chaka chija tinaika mayi a kunyumba. Moto wanga wonse uli m'mabalani a eni ake."

Ine sindinamve chimene ankatanthauza, koma amayi anatulutsa kampweya kokhala ngati kuseka, n'kutsegula chitenje pang'ono. A Zgambo anagunditsa kuseri kwa dzanja lawo pakaphazi kaja, monga ankachitira pakazenera ka balani. Anafunsa kuti wayamwa liti, ndipo amayi anati chiwolokereni dambo akungogona, bere akulikana.

"Bwera nacho kuno chuma chakocho," anandiuza a Zgambo.

Anatenga tsamba limodzi, kulikwinya m'dzanja mpaka kukhala kampira kofewa, n'kundiuza kuti ndichite chimodzimodzi ndi onse. Pepala losalala, anatero, silisunga kanthu, koma likakwinyika limagwira mpweya, ndipo chimene chimafunditsa munthu ndi mpweya wogwidwa. Ndinali nditatha zaka ziwiri ndikuwongola mapepala amenewo. Usiku umodzi ndinawakwinya onse. Tinawalonga pakati pa zitenje ziwiri za amayi, kumsana, m'mbali, pamwamba pa mwana, kuzungulira mapazi, kenako kabulangete kaja pamwamba. Otsala tinamulonga Yohane m'malaya, ndipo akatembenuka ankachita phokoso ngati khoswe m'nkhokwe, mpaka anaiwala kulira n'kuyamba kutembenuka dala. Thumba lenilenilo analowetsamo miyendo ya amayi.

Ndiulule kuti tsamba limodzi sindinalikwinye. Linali ndi nkhani ya dziko lina kumene nyanja imauma ndi kuzizira mpaka anthu kuyendapo, n'kumaboola kuti awedze nsomba. Ndinali nditawerenga theka lokha, lina ndikusungira ngati nthuli ya pamapeto. Ndinalipinda mwakachetechete n'kulibisa m'kabudula.

A Zgambo anayatsa moto pakamwa pa ngalande. Unayaka bwino, koma sunalowe. Malawi ankapendekera kunja, utsi unkabwerera kumaso kwawo, ndipo chumuni chinangoima mumdima, chozizira ngati mtengo. Anauzira, anakupiza ndi chipewa, anakonza nkhuni. Abambo ankayenda uku ndi uku, mpaka ananena ndi mawu amene sindinawamvepo kuti nthawi yonseyi akanakhala atasonkha kale moto wa anthu. M'ngolo amayi anaitana motsitsa, "Abambo ake a Lameki, mwanayu sakugwedezeka."

A Zgambo sanathamange. Anaimirira, kupita kuchumuni, kuchigwira, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wakumbukira pamene anaika fodya wake wa m'mphuno. Anati paipi yozizira siikoka, imafuna kuuzidwa njira. Anafuna pepala louma, ndipo abambo anati onse ali pathupi pa amayi ndi Yohane, akachotse limodzi. A Zgambo anati ayi, chimene chafunda chisatsegulidwe. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kutambasula dzanja, maso ali pamimba panga. Mpaka lero sindidziwa kuti anandiona nthawi yanji.

Analipota tsambalo ngati chingwe, kuliyatsa, kuboola kadzenje m'matope a patsinde pa chumuni, kulilowetsa m'menemo, n'kumatanso. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenako ndinamva kulira kumene ndinkakumva pamabalani okha, kung'ung'udza kwa pansipansi kokhala ngati njuchi zili m'mphako, ndipo nditayang'ana kumoto ndinaona malawi onse, amene ankathawira kunja, akuwerama limodzi n'kulowa m'ngalande ngati ng'ombe zolowa m'khola. Pamwamba pa chumuni panatuluka utsi woyera, wowongoka, n'kupita kumadzulo kutali ndi ife, ndi tinthethe tiwiri titatu timene tinakazimira pakati pa nyenyezi. Ndinaiwala kuti ndine wolakwa. Ndinaima kukamwa kuli yasa, ndikuganiza kuti ndaona munthu akulamula moto ndi kapepala, moto n'kumvera. Mmene anthu a dziko lija amafundira usiku sindinadziwe mpaka lero.

Anandiuza kuti ndikwere ndikagone kumsana kwa amayi, Yohane kutsogolo, tiwapanikize ngati mabelo. Ndinagona tsaya lili pachiguduli. Poyamba chitsulo chinkalumabe. Kenako chinasiya kuluma. Patapita nthawi chinayamba kufunda, osati kutentha, koma kufunda kwa pamalo pamene pagona mbuzi, kukwera pang'onopang'ono kudzera m'ziguduli, kubweretsa fungo la fodya wa mabelo onse amene anadutsa m'ngolomo, losakanikirana ndi fungo la nyuzi yofunda ndi usipa wakalekale. Msana wa amayi, umene unkanjenjemera pachifuwa panga, unayamba kudekha.

Panja ndinkamva abambo akufuna kuwunjika nkhuni, ndi a Zgambo akuchotsa. "Tikufunditsa mwana, a Phiri, sitikuwotcha njerwa." Chikuni chimodzi, kudikira, chikuni china. Kenako mapazi awo ankazungulira ngolo, kuima, kuzunguliranso. Ndinasuzumira pampata wa bolodi n'kuwaona atagwada, akuyendetsa mphuno m'mbali mwa lata kufunafuna pamene utsi ungathawire, matope ali okonzeka m'dzanja. Nthawi ndi nthawi mkono wawo unkalowa pansi pa denga lathu, kuseri kwa dzanja kukhudza chitsulo, kenako kaphazi ka mwana, n'kutulukanso. Jekete lawo anali atawafunditsa amayi m'mapewa. Iwo anatsala ndi malaya ong'ambika pamsana.

Sindidziwa kuti inali nthawi yanji pamene mkono uja unalowa kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi, n'kukhalitsa. Ndinamva mawu amodzi okha a kwawo, otanthauza kuti zili bwino.

"Makora."

Posakhalitsa mapepala anachita phokoso pachifuwa pa amayi, ndipo panatuluka kulira kwakung'ono, kokwiya, kokhala ngati kwa kamwana ka mphaka kamene kapondedwa mchira. Kenako kulira kunaduka, m'malo mwake n'kumveka kaphokoso ka kumeza. Amayi sanaitane aliyense. Mapewa awo okha ankagwedezeka, ndipo ulendo uno sikunali kuzizira. Panja abambo anayamba nyimbo ya m'buku, koma anangofika mzere wachiwiri mawu n'kuwathera, ndipo a Zgambo anawauza kuti ngati manja awo akusowa chochita akathyole nkhuni zina.

Ndinadzuka kukuyera. Dambo lonse linali litakutidwa ndi nkhungu, udzu uli mbuu ndi mame ozizira moti ukaugwira zala zinkachita dzanzi, thirakitala ikudontha madzi ngati yagona pamvula. Koma kuzungulira ngolo yathu nthaka inali youma, ndipo m'kati Yohane anali atatuluka thukuta, zilembo zitadindika pamimba pake chobwerera. A Zgambo anali atakhala pachibuma pakamwa pa ngalande, manja ali m'khwapa, milomo itatuwa, akuyang'anira makala otsiriza. Dalaivala atafika ndi makaniko panjinga, anaima n'kuyang'ana chumuni, siketi ya ziguduli ndi utsi, ndipo makanikoyo anafunsa ngati esiteti yatsegula balani latsopano osawauza.

Malata titawafukula anali akuda, opindika, limodzi litapsa mpaka kufiira cha kumapeto. Abambo anayamba kulankhula, koma a Zgambo anawadula n'kufunsa ngati mbale ija ndaitsuka, chifukwa amayi adzaifuna. Anawakweza m'ngolo malatawo mosamala ngati akadali atsopano.

Mlongo wangayo anamutcha Tiyamike, koma dzinalo limangopezeka m'mabuku a kutchalitchi. Mudzi wonse umamuitana kuti Nyuzi. Pano ndi wamtali kuposa ine, ndipo akafuna kundiseka amati anayamba kuwerenga ali ndi masabata awiri, osati ngati anthu ena. Ine ndinadzasonkhanitsa mabuku enieni, okhala ndi mutu ndi mchira womwe, ndipo ndawerengamo za anthu ambiri anzeru. Koma ana anga akagona mwezi wa Julaye, ndimapezeka ndadzuka, ndikuwakhudza kuphazi ndi kuseri kwa dzanja, kenako n'kuyang'ana ngati pazenera patsala kampata. Akazi anga anasiya kundifunsa.

A Zgambo anakhoma denga lawo mwezi womwewo. Malata anayi aja anawawongola ndi chipika n'kuwaika pamodzi ndi anzawo, moti ukamachokera kudambo unkaona nyumba yonyezimira yokhala ndi chigamba chakuda mbali imodzi, ndipo ndi mbali imeneyo imene inayamba kuchita dzimbiri ndi kudontha. Tsiku lokhomalo abambo anandituma kuti ndikawathandize kupatsira misomali. Chichitikireni zija ndinali ndisanawayang'ane kumaso. Ndinaima pansi pa makwerero, ndipo lata lakuda loyamba litakwera ndinalephera kupirira. Ndinati, agogo, mukhululuke, malata anuwa ndawononga ndine, chifukwa ndikanatenga thumba loyenera sizikanafika apa.

Anakhoma msomali mpaka kumaliza. Kenako anayang'ana pansi, n'kundifunsa kuti ndinatumidwa thumba liti. Ndinati la wobereketsa. Anafunsanso kuti nanga ndinatenga liti. Ndinati la wokulitsa.

Anatulutsa msomali wina m'kamwa, kuuyang'anitsitsa, n'kuuimika palata.

"Wobereketsa ntchito yake inali itatha kale kuchipatala, mwana wane. Mwana uja ankafuna wokulitsa. Unawerenga bwino. Patse hamala yaing'onoyo."